Malangizo a pulogalamu yathu tiwalembe pati?

FUNSO: Achimwene, ndife kagulu ka achinyamata kuno ku Area 25, tinapanga pulogalamu yothandiza ma banki m'khonde kulemba masheya ndi ngongole. Vuto malangizo ake angomwazikana, ena ali pa WhatsApp, ena mu Google Docs, ena ali m'mutu mwa mnzathu mmodzi basi. Wina akuti MediaWiki, wina akuti Docusaurus, mpaka tayamba kukangana. Titani? Wowerenga, Area 25

YANKHO: Zikomo achimwene, ntchito mukugwirayi ndi yabwino kwabasi. Ine ndinena mosazungulira, lembani mu Markdown (kalembedwe kosavuta ka mawu wamba ndi tizizindikiro tochepa), mafailowo muwaike limodzi ndi code yanu pa GitHub (tsamba la pa intaneti losungirapo code), kenako mugwiritse MkDocs, pulogalamu yosandutsa mafailo a Markdown kukhala masamba a pa intaneti.

MediaWiki ndi imene imayendetsa Wikipedia, mphamvu ili nazo, koma imafuna seva yokhala ndi PHP ndi database, ndiye pakhale munthu wolipira mwezi ndi mwezi komanso woisamala ma update akabwera, nanga pakati panupo alipo? Docusaurus ya Meta (eni Facebook), yomwe imagwira ntchito ngati ya MkDocs, nayo ili bho, makamaka mukafuna zilankhulo zingapo, koma imayendera Node.js ndi React ndipo kungoikhazikitsa kokha bandulo imapita.

MkDocs ndi ya Python, zonse mumazikonza mu failo imodzi ya mkdocs.yml, mukalemba mkdocs gh-deploy masamba anu akwera pa GitHub Pages, pomwe GitHub imawonetsera masamba pa intaneti, ulere ngati repo yanu (foda ya code yanu pa GitHub) ili public, yotsegukira aliyense. Masambawo ndi opepuka, amatseguka ngakhale netiweki ikuvutavuta. Chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi choti Git, pulogalamu yosunga zosintha zanu ndi kuzitumiza ku GitHub, sifuna intaneti polemba, magetsi akazima kapena data ikatha mumangopitiriza pa laputopu bola batire ilipo, mudzatumiza zikabwerera.

Koma tamverani apa, amayi a banki m'khonde sadzatsegula GitHub ayi. Iwowo alembereni zawo zapadera m'Chichewa chomveka, tizithunzi ta sikirini tikhalepo, kuwonetsa podina pofuna kulemba sheya ndi podina munthu akabweza ngongole, muwatumizire ngati PDF pa WhatsApp pompo pomwe anazolowera.

Mnzanu wosunga zinthu m'mutu uja mukhale naye pansi sabata ino, azifotokoza wina akulemba, muyambire pa mmene munthu angaikire pulogalamuyo pa kompyuta yatsopano. Ndipo mugwirizane kuti aliyense wosintha code asinthenso malangizo mu pull request (pempho loti zosintha zake zilowe mu code ya gulu) yomweyo, akapanda kutero musailandire.