Funsani Tikuyankheni: Makorali anga akuyera, vuto lili pati?

FUNSO: Ndakhala ndikuweta mbuna za ku Nyanja ya Malawi m'thanki kuno ku Durban popanda vuto. Posachedwapa ndinakhazikitsa thanki ya madzi amchere n'kuikamo tinthambi ta korali wa mtundu wa Acropora, koma tayamba kuyera kuchokera m'munsi pamene nsomba zili bwinobwino. Kodi ndichite chiyani? Wowerenga wa ku Durban.

YANKHO: Thanzi la nsomba lisakupusitseni, chifukwa nsomba zimapirira kusintha kwa madzi kumene Acropora sangapirire ngakhale pang'ono. Korali ameneyu ndi gulu la tinyama ting'onoting'ono timene timamanga chigoba cholimba pogwiritsa ntchito kashiyamu ndi kaboneti wa m'madzi, ndipo m'mnofu wake mumakhala ndere zotchedwa zooxanthellae, zomwe zimam'patsa chakudya chochuluka zikalandira kuwala.

Poyamba yang'anitsitsani pamene payerapo. Ngati mnofu udakalipo koma watuwa, ndere zachoka, ndipo kawirikawiri chimachititsa ndi kutentha kapena nyali yowala mopitirira muyeso. Koma ngati mnofu wasupuka n'kusiya chigoba poyera, ndipo kusupukako kukukwera kuchokera m'munsi monga mwafotokozera, ine ndingayambe kukayikira alkalinity (mphamvu ya madzi yochepetsa asidi, yomwe imadalira kwambiri kaboneti amene ali m'madziwo), makamaka kukwera ndi kutsika kwake. Oweta ambiri amasunga alkalinity pakati pa 7 ndi 9 dKH (muyeso wa alkalinity), kashiyamu pakati pa 400 ndi 450 ppm (magawo pa miliyoni), maginiziyamu pafupi ndi 1,300 ppm, mchere pa 35 ppt (magawo pa 1,000), ndi kutentha pa madigiri Celsius 25 kapena 26. Komabe chofunika kwambiri si kufika pa nambala inayake, koma kukhazikika pamenepo, pakuti thanki yokhala pa 7.5 dKH mwezi wonse ndi yabwino kuposa imene lero ili pa 7, mawa pa 9. Yezani madzi pa ola limodzimodzi tsiku lililonse n'kumalemba m'kope, ndipo mukapeza kuti alkalinity yatsika, ikwezeni pang'onopang'ono kwa masiku angapo. Madzi akamauma mchere umatsalira, choncho muziwonjezera madzi opanda mchere osefedwa ndi makina a RO/DI (ochotsa mchere ndi zina zosungunuka m'madzi), osati a pampopi.

Kumene mukukhalako kuli zovuta zina ziwiri. Choyamba, magetsi akazima mapampu amaima, mpweya m'madzi umachepa, ndipo Acropora, amene kwawo amakhala pamalo a mafunde amphamvu, amavutika msanga. Batire yoyendetsa pampu imodzi ndi yofunika kuposa nyali yodula. Chachiwiri ndi kutentha kwa Januwale ndi Febuluwale, kumene kungakweze madzi kufika pa madigiri 30 ngati palibe fani kapena makina oziziritsa.

Tinthambi tomwe tadwalato musatitaye. Dulani nsonga yamoyo pamwamba pang'ono pa malire a pamene pafa, muimate pa kamwala ndi supagulu, ndipo muone ngati kunsi kwa nthambi kulibe tinyongolotsi taphanthiphanthi timene timadya Acropora. Kunena zoona, munafulumira kuyamba ndi mtundu wovuta kwambiri. Makorali a mtundu wa Montipora kapena Stylophora ndi opirira, ndipo Acropora ndi bwino kumuika thanki itakhazikika kwa miyezi 6 kapena kuposerapo. Pogula sankhani tinthambi toweteredwa m'matanki a anthu ena, chifukwa malonda a makorali olimba pakati pa mayiko amayang'aniridwa ndi pangano la CITES loteteza zamoyo zimene zili pachiopsezo, ndipo makorali a ku Sodwana Bay ali m'dera lotetezedwa la iSimangaliso, kumene kuwathyola n'koletsedwa.