Pemphero pa Msonkhano wa Boma: Kodi Lamulo Likuti Chiyani?

Funso: Zikomo alangizi. Ndine membala wa komiti ya chitukuko m'dera lina kuno ku Mangochi. Wotsegula msonkhano ndi pemphero amakhala wa chipembedzo chimodzi nthawi zonse, ndipo nditadandaula anandiuza kuti ndikubweretsa chisokonezo. Kodi nkhaniyi ingapite kukhoti?

Yankho: Bambo, dandaulo lanu ndi lomveka. Gawo 33 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza ufulu wa chipembedzo, ndipo gawo 20 limaletsa tsankho, choncho palibe amene angakukakamizeni kuweramitsa mutu pa pemphero limene mtima wanu sukugwirizana nalo.

Makhoti akunja anagamula mosiyana. Mu 2014 khoti lalikulu la ku America linalola mapemphero pa misonkhano ya khonsolo ya tauni ina ya m'dzikolo yotchedwa Greece, pomwe mu 2015 la ku Canada linaletsa khonsolo ya mzinda wa Saguenay kupemphera.

Ine ndikuona kuti kuthamangira kukhoti kungadule ubale pakati pa Asilamu ndi Akhristu amene amakhalira limodzi pamaliro ndi pamsika. Yambani mwalembera kalata wapampando, kupempha kuti shehe akatsegula, m'busa azitseka, kapena azisinthana. Akakana, kadandauleni ku bungwe loona za ufulu wachibadwidwe la Malawi Human Rights Commission, mutanyamula kalatayo.