Kodi kuchedwa kwa atolankhani ndi kubisa nkhani?

Funso: Akonzi, nkhani zambiri ndimayamba kuzimva pa WhatsApp, ndipo wailesi ndi nyuzipepala zimadzazitulutsa mawa lake. Kodi kuchedwa kumeneku si umboni woti atolankhani amadikira chilolezo cha akuluakulu? Ndiwakhulupirire bwanji? Mayi wa ku Mchinji.

Yankho: Mayi, nkhawa yanu ili ndi maziko, koma kuchedwa kulipo kwa mitundu iwiri. Mtolankhani akamva mphekesera, ntchito yake ndi kufunafuna anthu osachepera awiri omwe akudziwa nkhaniyo payekhapayekha, osati wina wongobwereza zimene wamva kwa mnzakeyo. Ngati nkhaniyo ikukhudza ndalama kapena mlandu, amayenera kuona zikalata ndi maso ake, kenaka n'kuimbira munthu amene akunenedwayo kuti apereke mbali yake mkonzi asanaivomereze. Wotumiza uthenga pa WhatsApp sadutsa m'njira zonsezi, ndipo akanama palibe womufunsa.

Kuchedwa kwina ndi kumene mukudandaulako, ndipo Amalawi tinakuona mu Epulo 2012. Pulezidenti Bingu wa Mutharika anagwa pa 5 Epulo n'kuthamangira naye ku chipatala cha Kamuzu Central, ndipo boma linauza anthu kuti wapita kukalandira chithandizo ku South Africa. Pa 6 Epulo, Reuters ndi BBC anali akulengeza kale kuti wamwalira, atatsimikiza kwa a zachipatala ndi akuluakulu ena a boma omwe sanafune kutchulidwa maina. Usiku wa tsiku lomwelo nduna zisanu ndi imodzi zinaonekera pa kanema wa MBC kunena kuti Joyce Banda, yemwe anali wachiwiri kwa pulezidenti, sangatenge utsogoleri, koma za imfa sizinavomere. Boma linalengeza pa 7 Epulo, ndipo komiti yofufuza yomwe inatsogoleredwa ndi Justice Elton Singini inadzapeza kuti anamwalira pa 5 Epulo pomwepo. Apa amene anangoulutsa mawu a boma anasocheretsa anthu, ndipo ine ndimaona kuti kuwerenga chikalata cha nduna si kutsimikiza nkhani, ngakhale nyumba zina zoulutsira mawu zimachita ngati ndi zofanana.

Sindikubisirani kuti ntchitoyi ili ndi zilonda zake. Malipiro a atolankhani ambiri ndi ochepa, ndipo chipondamthengo chimene okonza misonkhano amapereka chimafooketsa mafunso. Palinso mantha: mu Epulo 2022 apolisi anagwira mtolankhani Gregory Gondwe wa Platform for Investigative Journalism pofuna kuti aulule amene anamupatsa chikalata cha boma. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza mauthenga a boma linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, komabe kupeza zikalata m'maofesi kukadali kovuta.

Choncho mukamamva kapena kuwerenga nkhani, mayi, onani ngati yanena kumene yachokera, ngati wodzudzulidwayo wapatsidwa mpata woyankha, komanso ngati nyumba ina yosagwirizana ndi yoyambayo yaipeza payokha. Chachikulu kwa ine ndi choti nyuzipepalayo ikalakwitsa imavomera n'kukonza poyera, pamalo oti anthu aone. Ikakana kukonza nkhani yabodza imene yakukhudzani, mungathe kukadandaula ku bungwe la Media Council of Malawi, ndipo madandaulo okhudza wailesi ndi kanema amalandiridwanso ku MACRA, bungwe loyang'anira nyumba zoulutsira mawu.