Musasaine kontrakitiyo musanaunike ma package omwe muli nawo

Bambo, mwafunsa ngati mungasaine kontrakiti yomwe SACCO ina yakupatsani. Ikunena kuti pulogalamu yomwe mwawapangira ndi yanu yonse ndipo umwini wake ukupita kwa iwo, chonsecho mkati mwake muli ma package (zidutswa za code zolembedwa ndi anthu ena) ambiri omwe munatenga ulere pa npm, nkhokwe ya pa intaneti ya ma package otere. Musasaine momwe ililimo, chifukwa mukhala mukugulitsa katundu wa eni.

Code yopezeka ulere imakhalabe ndi mwini wake. Copyright Act ya 2016 imateteza mapulogalamu a kompyuta, ndipo poti Malawi adalowa m'pangano la Berne, la maiko loteteza zolemba za eni, mu 1991, wolemba code wa ku Germany ali ndi ufulu kunonso. Chomwe munalandira inu ndi chilolezo chokhala ndi malire. Laisensi za MIT ndi BSD sizivuta: musafute dzina la mwini ndi mawu a laisensiyo. Apache 2.0 imawonjezera kuti mulembe pomwe mwasintha. Laisensi ya GPL ndiye yofunika kuidekhera. Mukaphatikiza code yake m'pulogalamu yanu n'kuipereka kwa ena, olandirawo ali ndi ufulu wopatsidwa source code (code ya pulogalamuyo momwe inalembedwera) pansi pa GPL yomweyo, zomwe zikusemphana ndi lonjezo la m'kontrakitimo. Laisensi ya AGPL imapereka ufulu womwewo ngakhale kwa ogwiritsa ntchito pulogalamuyo pa intaneti ngati munasintha code yake. Package yopanda laisensi ichotseni, palibe anakulolani kuigwiritsa ntchito.

Mwini code akadandaula, angathe kupempha High Court kuti ikuletseni kugawa pulogalamuyo komanso kuti mumulipire. GPL 3 imapereka masiku 30 okonza ngati ndi koyamba kudziwitsidwa, koma GPL 2 ilibe mpata umenewu.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chitetezo, pakuti apa pali ndalama ndi mbiri za mamembala. Laisensi zonsezi zimanena poyera kuti mwini code alibe mlandu zinthu zikavuta. Mu December 2021, pomwe chibowo cholowera akuba cha mu package yotchedwa Log4j chidadziwika, makampani ambiri sankadziwa n'komwe kuti ali nayo, chifukwa idalowa itabisala mkati mwa ma package ena. Mbiri za mamembala zikabedwa, SACCO idzayankha ku MACRA pansi pa Data Protection Act ya 2024, kenako idzatembenukira kwa inu ndi kontrakiti yomwe munasaina.

Choncho tulutsani mndandanda wa ma package onse, kuphatikizapo omwe anabwera kudzera mwa anzawo, pamodzi ndi version ndi laisensi ya iliyonse. Akatswiri amautcha SBOM. Yendetsani npm audit, chida chofufuza zibowo zodziwika m'ma package, konzani zomwe yapeza, ndipo sungani lipoti lokhala ndi deti. Mndandandawo uphatikizidwe ku kontrakiti, ndime ya umwini isinthidwe kuti ikhudze code yomwe munalemba nokha basi. Mulembenso woti azikonza zibowo zatsopano, kwa miyezi ingati, pa mtengo wanji, komanso malire a ndalama zomwe mungalipitsidwe. Mukatero mundibweretsere kontrakiti ndi mndandandawo tiziwerenge limodzi.