Bawuti ya sipuling'i ikungozungulira osatuluka: yankho kwa achimwene a ku Mufakose

Achimwene ena a ku Mufakose, mumzinda wa Harare, anditumizira imelo. Akukonza Land Rover Series III yomwe anawasiyira malemu bambo awo, ndipo afika pa masipuling'i a kumbuyo. Akuti nati yachoka, koma bawuti ikungozungulira pamalo amodzi, ndipo ngakhale aimenye ndi hamala siisuntha. Akufunsa ngati aiwotche ndi gasi.

Achimwene, hamalayo iikeni pansi kaye. Onani bawuti yomwe mukulimbana nayo. Pa ma Land Rover amenewa, omwe anapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985, mabawuti a pa shakolo, tizitsulo tolumikiza mapeto a sipuling'i ku chasisi, amamangidwa m'chitsulo cha shakolo chenichenicho, ndipo nati ija ntchito yake n'kungotsekera. Mukaichotsa, bawuti imafunika kumasulidwabe ndi sipanala. Ambiri amaphwanya mazinga ake pomenya chinthu chomwe sichingatuluke mwa kumenya.

Koma poti mwati ikuzungulira, ndikuona kuti vuto lili m'bushi, momwe bawutiyo imadutsa pa mapeto a sipuling'i. Bushi ili ndi kapaipi kachitsulo pakati, mphira mozungulira, kenako paipi ina kunja. Madzi ndi matope a zaka zambiri amalowa pakati pa bawuti ndi kapaipiko, dzimbiri n'kuzigwirizanitsa. Mukakakamiza ndi sipanala yaitali, chomwe chimang'ambika ndi mphira, ndiye bawuti ndi kapaipi zimazungulira limodzi. Kutuluka sizingatuluke, chifukwa kapaipiko n'kakakulu kuposa bowo la pa chasisi. Mafuta ofewetsa dzimbiri ngati WD-40 safika m'katimo pamene zafika apa.

Njira yomwe ndimaikhulupirira ndi kudula. Kwezani galimoto, ikani masitandi pansi pa chasisi, jeke ichirikize ekiselo kuti sipuling'i isakhale ndi katundu. Njerwa ayi, chonde, zimaphwanyika mosachenjeza. Mukatero lowetsani mpeni wa hakiso mu kampata ka pakati pa bushi ndi chitsulo cha chasisi, mudule bawuti mbali zonse ziwiri. Ndi ntchito yotopetsa manja, ndipo mipeni ingapo itha, koma chasisi imatsala yosavulala, ndipo pa galimoto yakale chinthu chovuta kuchipeza ndi chimenecho. Sipuling'i ikagwa, bushi yakaleyo mukaitulutsira pa benchi: chotsani mphira, chekani paipi yakunja cham'kati, ipindeni ndi tchizulo.

Za gasi sindikuvomereza. Mphira ikapsa imatulutsa utsi woipa, moto wambiri umafewetsa chitsulo cha sipuling'i, ndipo ngati yanu ndi yaifupi ija ya mainchesi 88 pakati pa ekiselo yakutsogolo ndi yakumbuyo, thanki ya petulo ili pansi pa mpando wa dalaivala, pafupi ndi pomwe mukugwirapo.

Pokagula mabawuti atsopano, tengani chidutswa chakale ndi nati yake. Mazinga ake ndi a mainchesi, si a mamilimita. Ku msika wa Magaba ku Mbare, ku Harare konko, mupeza zambiri zochotsedwa pa magalimoto ena, koma bawuti ya sipuling'i gulani yatsopano, yachitsulo cholimba, osati yomangira geti. Ipakeni girisi wa kopa thunthu lonse musanailowetse.

Musamangitse galimoto ili m'mwamba. Itsitseni, iime pa matayala ake, muigwedeze pang'ono, kenako mumange zolimba. Mukamangitsa ili pa masitandi, mphira ya bushi yatsopanoyo imapotoka galimoto ikatsika, ndipo imang'ambika msanga.