Kodi ndiwonjezere subwoofer pa masipika anga?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene ali ndi ampulifaya ndi masipika awiri ang'onoang'ono oika pa shelefu. Akuti mawu a oimba amamveka bwino, koma besi ndi yopepuka, ng'oma sigunda pachifuwa. Akufunsa ngati agule subwoofer, sipika yapadera yotulutsa besi yokha.

Bambo, musanatulutse ndalama, sendezani kaye masipikawo pafupi ndi khoma, muike nyimbo imene mumaidziwa bwino kwambiri. Khoma limakweza besi, ndipo kwa ena vuto limathera pomwepo.

Ngati sizinasinthe, ndiye kuti masipikawo afika pamapeto a mphamvu zawo. Ang'onoang'ono ambiri amayamba kufooka cha pa 50 kapena 60 Hz (Hz ndi muyezo wa kukwera kapena kutsika kwa mawu: nambala ikachepa, mawu ndi otsika), pomwe khutu la munthu limamva mpaka pa 20 Hz. Nsambo yaikulu ya gitala ya besi ya nsambo zinayi imalira pa 41 Hz, ndipo kiyi yakumapeto kumanzere kwa piyano ili pa 27.5 Hz. Choncho pali mawu amene woimba anajambula omwe sanafikepo m'chipinda chanu. Apo ine ndingati gulani, ndipo simudzanong'oneza bondo.

Koma ntchito yaikulu ili poiika. Yanga yoyamba ndinangoiponya pakona. Magalasi a windo ankanjenjemera, noti imodzi inkabangula kuposa zinzake zonse, ndipo ndikasuntha mapazi awiri okha besi inkazimirira. Vuto silinali chipangizocho ayi. Funde la mawu a 40 Hz ndi lalitali mamita oposa 8, ndiye limagunda makoma n'kubwerera. Pena limaphatikizana, pena limafafanizana lokha.

Chitani izi. Ikani subwoofer pampando umene mumakhalapo pomvera nyimbo, muike nyimbo ya besi yosadukiza, kenako mukwawe m'mbali mwa makoma mukumvetsera. Pamene mwamva noti iliyonse payokhapayokha, popanda mkokomo, mpamene pali malo ake. Mawondo apweteka pang'ono, koma njirayi imagwira.

Kumbuyo kwa subwoofer mupeza kopotokola kolembedwa crossover, kamene kamaika malire a mawu: subwoofer imatulutsa mawu otsika kuposa malirewo. Yambirani pa 80 Hz, chifukwa mawu otsika kuposa pamenepo khutu limavutika kudziwa kumene akuchokera. Batani la phase, lothandiza kuti subwoofer izigunda mogwirizana ndi masipika, muliyese pa 0 ndi pa 180, musiye pomwe besi yamveka yodzaza. Voliyumu muitsitse mpaka muzimva ngati besiyo ikutuluka m'masipika awiri aja. Ikamadzionetsa yokha, mwakweza kwambiri.

Chinanso, ndikukupemphani muganizire oyandikana nawo nyumba. Besi imadutsa khoma mosavuta kuposa mawu ena onse, ndipo usiku imasowetsa anthu tulo ngakhale inu mukuona ngati mwatsitsa.

Pokagula, yang'anani kaye kumbuyo kwa ampulifaya yanu. Ngati palibe polowetsa polembedwa sub out, musankhe subwoofer yokhala ndi ampulifaya yakeyake imene imalandiranso mawaya wamba a masipika.