Kwa amene wangolandira satifiketi ya scuba: koyambira ndi koyenera kudikira

Achemwali, mwafunsa kuti popeza mwangolandira kumene satifiketi yanu yoyamba ya scuba, komwe ndi kusambira pansi pa madzi mutanyamula botolo la mpweya wopuma, ndipo mwatsikapo pansi pa nyanja maulendo 9 okha, ndi malo ati padziko lapansi amene mungapiteko chaka chamawa. Mwatchulanso zilumba za Galápagos ndi dzenje la Great Blue Hole ku Belize chifukwa cha zithunzi zimene mwaona. Anzathu ambiri akupatsani kale mayina a malo otchuka, koma ine ndikupemphani kuti musatsogoze dzina. Malo alionse muziwayeza ndi zinthu zinayi, zomwe ndi kuya kwa pamene pali zokongolazo, mphamvu ya madzi oyenda, kuzizira kwa madzi, ndi kutalika kwa ulendo wokafika kuchipatala chokhala ndi chipinda chothandizira munthu amene nayitirojeni, gawo lalikulu la mpweya umene timapuma, yamuvuta m'thupi. Mukatero mudzaona nokha kuti malo ena ndi a chaka chamawa, pamene ena ndi a m'tsogolo ndithu.

Ndiyambe ndi kuya. Satifiketi ya Open Water, yomwe ndi yoyambayo, kaya munaitenga ku bungwe lophunzitsa scuba la PADI kapena la SSI, imakulolani kutsika mamita 18. Ya Advanced imakufikitsani pa mamita 30, ndipo malire a onse osambira mongosangalala ndi mamita 40. Malire amenewa sanangoikidwa mwachisawawa. Mamita 10 alionse amene mwatsika amawonjezera kupanikiza kofanana ndi kwa mpweya wonse umene uli pamwamba pathu tikakhala pamtunda, kotero kuti pa mamita 30 thupi limapanikizika kanayi, ndipo mpweya wa m'botolo umathanso msanga kanayi. Chapamenepo ndi pamenenso nayitirojeni imayamba kuzunguza mutu, moti munthu amaganiza mochedwa ngati waledzera, koma mwiniwake osazindikira.

Ndicho chifukwa chake Great Blue Hole sindingakulimbikitseni. Dzenjelo ndi lalikulu mamita oposa 300 m'mimba mwake ndipo ndi lakuya mamita oposa 120, koma miyala yolendewera imene anthu amapitira kukaona ili chapamamita 40, pamene simunaloledwe kufika. Ngakhale amene amaloledwa amakhalapo mphindi zochepa chabe, m'madzi amdima ndi opanda nsomba zambiri. Kukongola kumene munaona pachithunzi kumaoneka munthu akakhala m'ndege. Dziko la Belize lenilenilo ndi labwino kwa woyamba kumene, chifukwa matanthwe a korali (tizamoyo ta m'nyanja timene timamanga matanthwe) a ku Turneffe ndi ku Half Moon Caye ali ndi zamoyo zochuluka m'madzi osaya, koma ulendo wautali chotero usakhale wongotsatira dzenjelo.

Za Galápagos ndilankhule mosabisa mawu, popeza ndi kumene mtima wanu waloza. Zilumbazi zili makilomita pafupifupi 1,000 kuchokera ku gombe la Ecuador, ndipo magulu a shaki za mutu wonga hamala amene amadzaza zithunzi amapezeka makamaka ku Darwin ndi ku Wolf, tizilumba tiwiri takumpoto kwenikweni komwe munthu amafikako pokhapokha akakwera boti logonamo kwa sabata yathunthu. Nsomba zikuluzikulu zimasonkhana kumeneko chifukwa cha madzi othamanga amene amabweretsa chakudya, ndipo madzi omwewo ndi amene amavutitsa wosambira. Mukatsika m'boti mumayenera kumira mwachangu osachedwa pamwamba, kukagwira mwala ndi kukangamira pomwepo madzi akukukokani, kenaka kudzisiya kuti akutengeni limodzi ndi gulu lanu pamene pansi sipakuonekanso. Madzi amatha kuzizira mwadzidzidzi mukangotsika pang'ono. Eni maboti ambiri amafuna munthu amene watsikapo maulendo 50 kapena kuposa, ndipo sachita zimenezi chifukwa cha nkhanza, koma chifukwa chakuti chithandizo cha kuchipatala chili maola ambiri kuchokera pamenepo. Chilumba cha Cocos cha dziko la Costa Rica, chomwe ulendo wake wa paboti umaposa tsiku lathunthu, chili m'gulu lomweli.

Zimenezi ndikuzinena chifukwa zinandichitikirapo pamalo ena. Ndili ndi maulendo osakwana 20, ndinavomera kutsika pamalo amadzi othamanga chifukwa ndinkachita manyazi kuuza wotitsogolera kuti sindinazolowere. Ndinalimbana ndi madziwo ndi miyendo m'malo mobisala kuseri kwa thanthwe, ndinapuma mothamanga, ndipo mpweya umene unayenera kundikwanira mphindi 45 unatsala pang'ono kutha mphindi 20 zisanakwane. Mnzanga anasiya zonse n'kukwera nane pamwamba. Nsomba zimene ndinapitira sindinazione, popeza maso anga onse anali pa geji ya mpweya.

Ndikanakhala inu, ulendo woyamba ndikanapita ku Nyanja Yofiira, mbali ya Egypt. Derali mvula imagwa yochepa kwambiri ndipo kulibe mitsinje ikuluikulu yothira matope m'nyanja, choncho madzi amakhala oyera moti munthu amaona patali mamita 20 kapena 30 masiku ambiri. Madziwo ndi ofunda ndithu, sakonda kutsika kupitirira madigiri 21 m'nyengo yozizira, ndipo m'chilimwe amayandikira madigiri 29. Chimene chimandikondweretsa koposa n'chakuti korali yokongola imayambira pafupi ndi pamwamba penipeni, kumene kuwala kwa dzuwa kukadali ndi mphamvu. Mtundu wofiira ndi umene umayamba kuzimirira munthu akatsika mamita ochepa okha, motero amene ali pa mamita 10 nthawi zambiri amaona mitundu yowala kuposa amene ali pa mamita 35. Ku Dahab malo ambiri mumalowera pagombe, kuyenda wapansi mutavala zida zanu mpaka madzi atakufikani m'chifuwa, ndipo zimenezi zimachotsa mantha odumpha kuchoka m'boti. Ku Marsa Alam kuli magombe a udzu wa m'nyanja kumene akamba akuluakulu amadya osatekeseka ndi anthu. Kumapeto kwa Sinai kuli Ras Mohammed, malo amene akhala otetezedwa kuyambira 1983, okhala ndi makoma a korali otsetsereka mpaka pansi pakuya. Ku Sharm el-Sheikh ndi ku Hurghada kuli zipinda zothandizira ovulala ndi nayitirojeni, ndipo chimenechi ndi chinthu chachikulu kwa munthu amene akuphunzirabe.

Nyanja imeneyi ili ndi ubwino winanso, wakuti mukhoza kukulira momwemo. Mukatenga satifiketi ya Advanced, mudzatha kuona Thistlegorm, sitima ya ku Britain imene ndege za Germany zinaimiza mu Okutobala 1941 itanyamula katundu wankhondo. Yagona pa mamita pafupifupi 30, ndipo m'mimba mwake mukadali njinga zamoto, malole ndi nsapato za asilikali, pamene mitu iwiri ya sitima zapamtunda ili pamchenga pambali pake. Jacques Cousteau, yemwe pamodzi ndi Émile Gagnan anapanga mu 1943 chida chopumira chimene zida zathu za lero zinachokerako, ndi amene anaipeza m'zaka za m'ma 1950. Chenjezo limodzi lokha ndi la Blue Hole ya ku Dahab, dzenje lina losiyana ndi la ku Belize lija. M'mphepete mwake ndi mwabwino ndipo anthu amasambiramo tsiku ndi tsiku, koma chapamamita 55 pali khomo lotulukira kunyanja yaikulu limene lapha anthu ambiri, ena mwa iwo odziwa ndithu, amene anayesa kudutsamo ndi botolo limodzi la mpweya wamba. Wina aliyense akadzakunyengererani kuti mukayeseko, mudzakane.

Malo achiwiri amene ndingakutchulireni ndi mtima wonse ndi Bonaire, chilumba chaching'ono cha ku Caribbean kufupi ndi gombe la Venezuela. Nyanja yozungulira chilumbachi yakhala yotetezedwa kuyambira 1979, maboti saloledwa kuponya nangula pa korali, ndipo malo olowera m'madzi anaikidwa zizindikiro za miyala yopakidwa utoto wachikasu m'mbali mwa msewu. Kumbali yakumadzulo madzi amakhala odekha, korali imayambira pafupi ndi gombe, ndipo inu ndi mnzanu mumasankha nokha nthawi yolowa ndi yotuluka. M'sabata imodzi munthu akhoza kuwonjezera maulendo 15 m'buku lake lolembamo maulendo a pansi pa madzi, ndipo amaphunzira kudzikonzera ulendo m'malo mongotsatira zipsepse za wotsogolera. Chilumba cha Koh Tao ku Thailand nachonso n'chofatsa ndipo chimaphunzitsa anthu ochuluka zedi chaka chilichonse, koma kuchulukana kwa ophunzira pamalo amodzi kumandichititsa kuchiika pambuyo pa malo awiriwa.

Great Barrier Reef ya ku Australia, yotalika makilomita pafupifupi 2,300, ili ndi malo ambiri oyenera woyamba kumene, makamaka paulendo wochokera ku Cairns kapena ku Port Douglas. Komabe mupite mukudziwa kuti kutentha kwa nyanja kwayeretsa korali yake kangapo, monga mu 2016, 2017, 2020, 2022 ndi 2024. Madzi akatentha kupitirira muyezo kwa masabata angapo, korali imatulutsa ndere zing'onozing'ono zimene zimakhala m'thupi mwake ndi kuipatsa chakudya ndi mtundu, ndipo kutenthako kukapitirira imafa ndi njala. Mbali zina zachira ndipo zina sizinachire, choncho mufunse eni boti kuti akupita nanu thanthwe liti ndiponso kuti lili bwanji chaka chimenecho.

Mukafika maulendo 40 kapena 50, ndi pamene ndingati muyambe kuganizira za Raja Ampat ku Indonesia, kumene kwapezeka mitundu ya korali yoposa 500, yochuluka kuposa malo ena alionse odziwika. Kumenekonso madzi amathamanga, koma vuto lalikulu kwa wosazolowera ndi lakuti zambiri zodabwitsa ndi zazing'ono kwambiri, monga tinsomba tonga kavalo tosaposa chikhadabo tobisala pa korali ya mtundu wake womwewo. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu amene sanaphunzire kuima phee pakati pa madzi, osakwera ndiponso osamira, amangodutsa osaona kanthu, kapena amathyola ndi zipsepse zake korali imene inatenga zaka zambiri kuti ikule. Sipadan ku Malaysia, kumene zilolezo zolowera zimaperekedwa zowerengeka patsiku, Tubbataha ku Philippines, kumene maboti amafikako kuyambira Malichi mpaka Juni basi, ndi Blue Corner ku Palau, onsewa ndi a msinkhu womwewo. Chimodzimodzinso Aliwal Shoal ku South Africa ndi Tofo ku Mozambique, kumene maboti ang'onoang'ono amanyamukira pagombe kudutsa mafunde aakulu, moti ulendo wa pamwamba umatopetsa munthu asanalowe n'komwe m'madzi.

Palinso malo amene amafuna maphunziro apadera osati maulendo ochuluka okha. Ku Silfra, m'dziko la Iceland, mumasambira mumng'alu wa pakati pa zigawo ziwiri za nthaka, cha North America ndi cha Eurasia, m'madzi oyera koposa koma ozizira madigiri 2 mpaka 4, ndipo salola munthu wosaphunzira kugwiritsa ntchito suti yosalowa madzi. Ku Chuuk Lagoon, ku Micronesia, kwagona sitima zambiri za Japan zimene zinamizidwa mu Febuluwale 1944. Zambiri zili pakuya, kulowa m'kati mwake kumafuna luso lake, ndipo koposa zonse malowo ndi manda a anthu, kotero palibe chimene chiyenera kukhudzidwa kapena kutengedwa. Mapanga amadzi a ku Yucatán, ku Mexico, ali ndi lamulo lofanana nalo: pamene kuwala kwa dzuwa kwathera ndi pamene wosaphunzira zam'mapanga ayenera kubwerera.

Kulikonse kumene mungasankhe, musanalipire mufunse eni malowo kuti wotsogolera mmodzi amatenga anthu angati, ngati m'boti mumakhala mpweya wa okosijeni wothandizira pangozi, ndiponso kuti chipinda chothandizira ovulala ndi nayitirojeni chili kutali bwanji. Mugule inshuwalansi imene imatchula scuba mwachindunji, monga ya DAN (Divers Alert Network), bungwe loona za chitetezo cha osambira pansi pa madzi, chifukwa inshuwalansi wamba yapaulendo nthawi zambiri siilipira chithandizo chimenechi. Ngati padzakhale patapita miyezi yoposa 6 musanalowe m'madzi, tsiku loyamba mudzalipereke kwa mlangizi kuti akukumbutseni zoyambirira pamalo osaya. Pokwera pamwamba muziima mphindi 3 pa mamita 5, ndipo musamagwire mpweya m'chifuwa ngakhale pang'ono. Pokonza matikiti, tsiku lomaliza mulisiye lopanda kusambira, chifukwa mukatsika maulendo angapo masiku otsatizana pamafunika maola osachepera 18 musanakwere ndege, ndipo ine ndimadikira 24.

Choncho chaka chamawa ndikanakonda mutakhala sabata imodzi kapena ziwiri ku Dahab kapena ku Bonaire, mutenge satifiketi ya Advanced komweko pamodzi ndi phunziro la kuyandama bwino pakati pa madzi, ndipo mubwereko ndi maulendo 30 m'buku lanu. Mukatiuza mwezi umene mudzapeze tchuthi, ndidzakuthandizani kusankha pakati pa malo awiriwa, popeza ku Dahab mphepo ndi kuzizira kwa Januwale ndi Febuluwale zimasintha mtundu wa suti imene mudzafunika kuvala.